Mlimi wa mtedza amene anaphunzira kufunsa mkazi wake



Pamaliro ikafika nthawi yowerenga mbiri ya malemu, pali chiganizo china chimene sichilephera. Wowerenga uja amayamba ndi tsiku lobadwa, sukulu, ntchito, chaka chimene malemu anabatizidwa, kenako amatsitsa mawu n'kunena kuti bambowa anali okonda banja lawo ndiponso oopa Mulungu. Amayi kusiwa amabuula, azibambo pansi pa mtengo amagwedeza mitu. Ine ndinene zoona, nthawi zina ndimaponya diso kwa anamfedwa kuti ndione ngati nawonso akuvomereza. Sindikunena kuti owerenga mbiri amanama, ayi, pamaliro sipoweruzira milandu. Kungoti mawuwa tawachapa kambirimbiri mpaka asuluka ngati chitenje chakale, moti sitidziwanso kuti maluwa ake anali otani.

Choncho lero ndikufuna tikumbukire bambo wina amene mawu amenewa ananenedwa pamaliro ake, ndipo tione chimene chinali mkati mwake. Si wakuno. Ndi Jimmy Carter, mtsogoleri wa nambala 39 wa dziko la America, amene anamwalira pa 29 Disembala 2024 ali ndi zaka 100. Za ndale zawo ndingozikhudza pang'ono. Nkhani yanga ili kunyumba kwawo.

A Carter anabadwa pa 1 Okutobala 1924 ku Plains, kamzinda kakang'ono ka m'chigawo cha Georgia, ka anthu mazana owerengeka basi. Anakulira pafamu ya bambo awo pamalo otchedwa Archery, m'nyumba imene poyamba inalibe magetsi ngakhale madzi a m'mipopi. Ali kamnyamata ankaphika mtedza n'kumakagulitsa m'misewu ya ku Plains, ngati mmene ana athu amachitira pa siteji ya basi. Mayi awo, a Lillian, anali namwino. Mu Ogasiti 1927 anathandiza mayi wina woyandikana naye nyumba kuchira, ndipo patangopita masiku ochepa anatenga Jimmy, asanakwanitse n'komwe zaka zitatu, kukaona khandalo. Khanda limenelo linali Rosalynn Smith. Ndi amene anadzakhala mkazi wawo kwa zaka 77.

Koma musaganize kuti zinangoyenda ngati madzi otsetsereka. Atamufunsira ukwati koyamba, Rosalynn anakana. Bambo ake anamwalira iye ali ndi zaka 13, ndipo anali atawalonjeza kuti adzamaliza kaye maphunziro. Mnyamatayo anadikira, nafunsanso, ndipo anakwatirana pa 7 Julayi 1946, mwamuna ali ndi zaka 21, mkazi 18. A Carter anali atangomaliza sukulu ya asilikali apamadzi, choncho banjalo linayamba kuyendayenda: Virginia, Hawaii, California, Connecticut. Kumeneko kunabadwa ana aamuna atatu, Jack, Chip ndi Jeff. Mayi Rosalynn moyo umenewu anaukonda kwambiri. Mwamuna akapita kunyanja, iwo ndiwo ankagwira chikwama, kulipira zofunika kulipira, kulera ana, popanda mayi awo kapena apongozi kuwasuzumira mumphika.

Tsopano tcherani khutu, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani.

Mu 1953 bambo a a Carter, a Earl, anadwala khansa ya kapamba. Mwana wawo, amene panthawiyo anali ku Schenectady m'chigawo cha New York kukonzekera kugwira ntchito m'sitima yoyenda pansi pa nyanja ndi mphamvu ya nyukiliya, anabwera kudzawadwazika. Zimene anaona zinamugwedeza. Anthu, akuda ndi oyera omwe, ankabwera mmodzimmodzi kudzafotokoza zimene mkuluyo anawachitira mwakachetechete, wina ngongole imene sanaumirizidwe kubweza, wina thandizo limene ngakhale a m'nyumba sankalidziwa. A Earl sanali mngelo, ankagwirizana ndi tsankho la nthawi imeneyo losiyanitsa azungu ndi anthu akuda. Komabe mwana wawo anadzifunsa kuti, kodi ine nditafa lero uko ndiliko, angabwere ndani? Ndipo anaganiza zosiya usilikali n'kubwerera kumudzi kukalima mtedza.

Maganizo abwino, mwina mutero. Vuto ndi loti sanawafunse mayi a kunyumba. Anangowauza, nkhani itatha kale. Mayi Rosalynn analira, anakana, anakalipa, koma katundu anapakidwa. Ulendo wonse wa pagalimoto wochokera ku New York mpaka ku Georgia sanalankhule ndi mwamuna wawo. A Carter eni ake ankafotokoza kuti mayiwo akafuna kuti galimoto iime, ankatuma mwana wamkulu kuti awauze bambo ake, bambowo ali pomwepo pachiwongolero. Amene munakhalapo m'nyumba imene makolo akulankhulana kudzera mwa ana, mukudziwa kulemera kwa mpweya wake. Atafika ku Plains analibe ndalama zokwanira, anakakhala m'nyumba za boma za anthu osauka, ndipo chaka chotsatira kunagwa chilala.

Kodi anatengerapo phunziro? Osati msanga. Mu 1962, m'mawa wina, anavala suti m'malo mwa zovala za kuntchito. Mayi anadabwa, kufunsa ngati kwagwa maliro. Ayi, bambo anali paulendo wokalembetsa kuti apikisane nawo pa mpando wa kunyumba ya malamulo ya ku Georgia. Apanso osafunsa. Atakalamba, a Carter ankanena poyera kuti iwo eni samvetsa kuti zinatheka bwanji kuchita zinthu zazikulu chonchi osakhala pansi ndi mkazi wawo.

Ndaima nthawi yayitali pa zolakwa zimenezi mwadala. Kuno kwathu tili ndi mawu akuti mwamuna sauzidwa, ndipo pa chilangizo mtsikana ndi amene amauzidwa kuti banja ndi kupirira. Mnyamata amangouzidwa kuti azisiya ya ndiwo. Ndiye mwamuna akamwalira, timatenga kupirira kwa mkazi wake n'kukulemba m'mbiri ngati ubwino wa malemu. A Carter a mu 1953 anali mwamuna wotero: sankamwa mwauchidakwa, sankayenda njira zamseri, ankapita kutchalitchi, ankadyetsa ana, koma mawu omaliza anali awo, oyamba omwe. Akanamwalira nthawi imeneyo, mbiri ikanati anali okonda banja, ndipo mayi Rosalynn akanangoyang'ana pansi.

Chimene chinawasintha sichinali ulaliki, chinali buku la maakaunti. Pamalo awo ogulitsira mbewu ndi feteleza komanso kugula mtedza kwa alimi, analibe ndalama yolembera kalaliki. Mayi Rosalynn anayamba kuthandiza, anaphunzira kusunga mabuku, ndipo pasanapite nthawi ankadziwa bwino kuposa mwamuna wawo kuti ndalama ikulowera pati, ikuthawira pati. Akati nthambi iyi ya bizinesi ikutidyera, zinkapezeka kuti n'zoona. Bamboyo anayamba kumvera chifukwa kusamvera kunali kodula. Chizolowezi chofunsa chinayambira pa mitengo ya feteleza, kenako chinafalikira kwina konse.

Moti pamene anadzakhala pulezidenti, kuyambira 1977 mpaka 1981, mayi Rosalynn ankalowa m'misonkhano ya nduna, kukhala kumbuyo n'kumalemba. Mu 1977 anawatuma kumayiko asanu ndi awiri a ku Latin America ndi ku Caribbean kukakambirana ndi atsogoleri nkhani zenizeni za boma, osati kukangodula maliboni. Anthu ena ananyinyirika kuti mayiyu tinamusankha liti. Koma munthu amene anayendetsa galimoto ulendo wonse uja mkazi wake osamulankhula anali atadziwa mtengo wa kusafunsa.

Chikhulupiriro chawo nachonso chinali ndi mtengo wake. Anali a mpingo wa Baptist, dikoni ndiponso mphunzitsi wa Sande sukulu. M'zaka za m'ma 1950 azungu anzawo a ku Plains anawakakamiza kulowa bungwe lotchedwa White Citizens' Council, lolimbana ndi kusakaniza mitundu m'sukulu. Iwo anakana, ndipo makasitomala ena anawanyanyala kwa kanthawi. Pakati pa zaka za m'ma 1960 mpingo wawo unavota kuti anthu akuda asamalowe m'mapemphero. Otsutsa anali a banja la Carter ndi munthu wina mmodzi yekha. Taganizirani kukweza dzanja m'tchalitchi cha kwanu, pamaso pa anthu amene munakula nawo, amenenso amagula feteleza kwa inu, ana anu akuona. Ine ndimaona kuti Sande sukulu yeniyeni ya ana awo inachitika tsiku limenelo.

Chilungamo chawo nthawi zina chinkapitirira mpaka kuwapweteka. Pa kampeni ya 1976 anauza magazini ya Playboy kuti, poyesa ndi muyezo wa Yesu wa pa ulaliki wa paphiri, iwonso anachitapo chigololo mumtima poyang'ana akazi mowasirira. Dziko linaseka, akhristu ena anakwiya, mavoti anatsala pang'ono kuwathawa. Wandale wochenjera sakanayankha choncho. Koma ndikayerekeza ndi akuluakulu ampingo amene amalalikira chiyero Lamulungu, pamaliro awo n'kutulukira ana atatu amene mayi a kunyumba sanawaonepo, ndimaona kuti kupusa kwa a Carter kunali kwabwinoko.

Mwana wawo wamkazi, Amy, anabadwa mu 1967, achimwene ake atakula kale. Amene ankamulera anali mayi wachikuda, Mary Prince, mkaidi amene anamangidwa pa mlandu wakupha ndipo anatumizidwa kukagwira ntchito kunyumba ya bwanamkubwa wa Georgia pamene a Carter anali pa udindowo. Banjali linakhulupirira kuti mayiyu sanalakwe. Atasankhidwa kukhala pulezidenti, a Carter anapempha kuti iwo eni akhale omuyang'anira monga mkaidi wotulutsidwa mongoyembekezera, n'cholinga choti akakhale nawo ku White House. Pambuyo pake anakhululukidwa mlanduwo, ndipo anakhala ngati wachibale mpaka ukalamba. Amy yemweyo anamulembetsa pasukulu ya boma ya mu Washington, m'kalasi limodzi ndi ana a anthu wamba.

Palinso kankhani ka ku Camp David mu Seputembala 1978, pamene a Carter anatsekera Anwar Sadat wa ku Egypt ndi Menachem Begin wa ku Israel kwa masiku 13 kuti agwirizane za mtendere. Tsiku lomaliza zinthu zinali zitasokonekera, a Begin akukonzeka kunyamuka. Iwo anali atapempha zithunzi za atsogoleri atatuwo kuti akapatse adzukulu awo. A Carter sanangosaina, analemba dzina la mdzukulu aliyense pa chithunzi chakechake, n'kupita nazo okha. A Begin anayamba kuwerenga mayinawo mokweza, limodzilimodzi, mawu akunjenjemera. Sindinena kuti zithunzi ndizo zinabweretsa pangano, zokambirana zinali zambiri. Koma anthu awiriwa anasiya kaye kukhala atsogoleri, anakhala agogo awiri, ndipo tsiku lomwelo pangano linasainidwa.

Za utsogoleri wawo, Amereka ambiri sanakhutire. Mitengo ya zinthu inakwera, pamalo omwetsera mafuta panali mizere, ndipo nzika 52 za dzikolo zinasungidwa mokakamiza ku Iran masiku 444. Mu 1980 Ronald Reagan anawagonjetsa moonekeratu. Anabwerera ku Plains ali ndi zaka 56, n'kupeza bizinesi ya mtedza ija, imene anaisiya m'manja mwa ena, ili ndi ngongole ya madola pafupifupi miliyoni imodzi. Anaigulitsa. Analowanso m'nyumba yomwe anamanga mu 1961, ndipo sanasamukenso.

Zimene anachita pambuyo pake zimadziwika: bungwe la Carter Center limene anayambitsa ndi mayi mu 1982, nkhondo yolimbana ndi nyongolotsi ya Guinea worm imene mu 1986 inkagwira anthu pafupifupi 3.5 miliyoni pachaka koma mu 2023 inapezeka mwa anthu 14 okha, mphoto ya Nobel mu 2002, ndi nyumba za osauka zimene ankamanga ndi manja awo pamodzi ndi a Habitat for Humanity. Abale athu a ku Zambia akukumbukira kuti mu Okutobala 1991 anali ku Lusaka kuyang'anira chisankho chimene a Kenneth Kaunda anagonja kwa a Frederick Chiluba. Pafupifupi kulikonse ankapita awiri.

Koma musati ukalamba unathetsa mikangano. A Carter anali munthu wa wotchi, usilikali unawalowa m'magazi, ndipo kuchedwa kwa mphindi zochepa kunkawautsa mtima. Kwa zaka zambiri ankakangana ndi mayi pa nkhani yomweyi. Tsiku lina anadzidzimuka kuti ndi tsiku lobadwa la mayi ndipo sanagule mphatso. Anatenga pepala n'kulemba lonjezo loti sadzawadandauliranso za kuchedwa. Mayi anati mphatso imeneyo inaposa zina zonse. Azibambo amene mumaimba hutala panja mayi akumanga duku, nkhaniyi ndaibweretsera inu, ndipo ine ndemwe ndili m'gulu lanu.

Mu 1987 anatulutsa buku limene analemba limodzi, ndipo onse awiri ankanena kuti ntchito imeneyo inatsala pang'ono kupasula banja. Bambo ankalemba mothamanga, mayi mosamala, ndipo chinthu chimodzi chomwecho aliyense ankachikumbukira mwake. Anafika posiya kulankhulana, n'kumangosiyirana mauthenga okalipa pa kompyuta. Mkonzi wa bukulo ndiye anakhala nkhoswe: anagamula kuti ndime zimene sakugwirizana zilembedwe padera, ina ikhale ndi chilembo J, ina R. Apa n'kuti atakhala m'banja zaka 40. Chimene chinkawabweza, malinga ndi iwo eni, chinali mapangano awiri. Loyamba, osagona asanayanjane. Lachiwiri, kuwerenga Baibulo limodzi usiku uliwonse, nthawi zina m'Chisipanishi pofuna kuphunzira chilankhulocho, ndipo wina akakhala paulendo, aliyense ankawerenga gawo lomwelo uko aliko. N'kovuta kumuwerengera munthu Mawu a Mulungu mokweza uku ukumusungira mkwiyo pakhosi.

M'chaka cha 2000 anachita chinthu chimene chinawawawa. Anadzipatula ku Southern Baptist Convention, mgwirizano wa mipingo umene anakuliramo, chifukwa unalimbikira kuti mkazi azigonjera mwamuna ndipo asakhale m'busa. Akhristu amasiyana maganizo pa nkhaniyi, ndipo ena mwa inu simugwirizana nawo. Ine chimene ndikuona n'chakuti munthu amene anasamutsa banja osafunsa mkazi wake ndi yemweyo amene, patapita zaka 47, anasiyana ndi akuluakulu a mpingo wake poikira kumbuyo amayi. Anakhalabe mumpingo wawo waung'ono wa Maranatha Baptist ku Plains, kumene mayi Rosalynn nawonso anadzakhala dikoni. Kumeneko bambo ankatchetcha kapinga ikafika nthawi yawo, ndipo mtanda wa m'tchalitchimo ndi mbale za chopereka anazisema okha ndi matabwa.

Ana awo sanakule mopanda zipsera. Bambo ankasowa pakhomo chifukwa cha ndale, ndipo kwa anyamata atatu aja anali okhwimitsa zinthu ngati mmene analili bambo awo. Maukwati ena a ana anatha. Pamwambo wokumbukira mayi ake, Chip anaima pamaso pa anthu n'kuulula kuti anali kapolo wa mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo mayi ake ndiwo anamutengera kokalandira thandizo. Pakhomo pa mphunzitsi wa Sande sukulu panagwa zomwe zimagwa pakhomo panu ndi panga.

Mu Ogasiti 2015 a Carter analengeza kuti khansa ya pakhungu yafalikira kuchiwindi ndi ku ubongo. Matenda a khansa anali atatenga kale bambo awo, mayi awo, alongo awo awiri Ruth ndi Gloria, ndi mng'ono wawo Billy. Lamulungu lotsatira anali kutsogolo kwa kalasi, akuphunzitsa. Mu Disembala chaka chomwecho, atangolengeza kumene kuti madokotala sakuonanso khansa mu ubongo, mdzukulu wawo Jeremy anamwalira mwadzidzidzi ali ndi zaka 28. Patangopita maola ochepa agogowo anatulukira kutchalitchi. Munthu wa wotchi uja tsiku limenelo anachedwa. Anapepesa, anafotokozera mpingo zimene zachitika, kenako anatsegula phunziro la tsikulo.

Mu Febuluwale 2023 anaganiza zosiya kupitapita kuchipatala, kuti masiku otsala akathere kunyumba. Anthu anayamba kukonza mawu a chipepeso, koma amene anatsogola ndi mayi. Mayi Rosalynn, amene anali atayamba kudwala matenda oiwalaiwala, anamwalira pa 19 Novembala 2023 ali ndi zaka 96. Bambo anabwera nawo kumwambo wa maliro pa njinga ya odwala, atafooka kwambiri, osatha kulankhula pagulu, miyendo itafunditsidwa bulangete lokhala ndi chithunzi cha awiriwo. Amy ndiye anawerenga m'malo mwawo kalata imene anawalembera mayi zaka 75 m'mbuyomo, ali kunyanja. Anakhalanso chaka chimodzi ndi mwezi umodzi. Anasiya ana anayi, adzukulu 11 ndi adzukulutuvi 14.

Pamaliro a boma ku Washington pa 9 Januwale 2025 panali apulezidenti asanu, wolamulira ndi opuma. Koma mawu amene anthu anabwerera nawo kunyumba anali a mdzukulu wawo Jason, amene anafotokoza za khitchini ya agogo ake: foni yachingwe yakalekale, ndi timapepala ta pulasitiki tosungiramo zakudya timene ankatitsuka n'kutiyanika kuti tigwirenso ntchito. Anthu anaseka m'tchalitchi chachikulu mmene munkachitikira mwambowo. Aliyense anaona agogo ake.

Masiku angapo izi zisanachitike, galimoto yonyamula thupi inaima kaye pafamu ya ku Archery ija. Pali belu lakale limene a Carter ali mwana linkalira kusanache kudzutsa anthu kuti apite kumunda. Tsiku limenelo analiimba ka 39. Mwambo wa ku Washington utatha, thupi linabwerera ku Plains madzulo a tsiku lomwelo, linadutsa kutchalitchi cha Maranatha, kenako analowa nalo kumpanda wa nyumba ya mu 1961 ija. Manda ali pabwalo pomwepo, pafupi ndi dziwe, pambali pa a mayi Rosalynn, poonekera ukaima pakhonde.